Goldfish ikuyandama pamwamba: yambani ndi madzi ndi chakudya

Achemwali, pepani ndi nkhawa imeneyi. Mwanena kuti nsomba ya goldfish ya mwana wanu yayamba kuyandama pamwamba, ikati itsike imakankhikanso kubwerera, nthawi zina n'kugadabuka mimba kuloza kumwamba. Mwanenanso kuti ikukhala m'mbale yagalasi yozungulira ndipo imadya katatu patsiku chakudya chopyapyala choyandama chija. Ndaona ena akulangizani kuti muthire mankhwala a anthu m'madzimo. Chonde musatero. Matenda ambiri otere amachokera ku madzi ndi chakudya, ndipo nsomba yoyandama imachira nthawi zambiri ngati mwiniwake sanafulumire kuithira zinthu zosadziwika.

Musanachite chilichonse, khalani pafupi ndi mbaleyo mphindi zingapo muyang'anitsitse, chifukwa pali mavuto awiri osiyana amene amaoneka ngati amodzi. Pali nsomba imene imapita yokha pamwamba, n'kumatsegula ndi kutseka kamwa pomwe madzi akumanirana ndi mpweya, makha ake akugunda mofulumira. Imeneyo ikubanika: mwina m'madzi mwachepa okosijeni, kapena makha apsa ndi zoipa za m'madzi. Ikafuna kutsika imatsika bwinobwino. Ndiye pali ina imene sikufuna kukhala pamwamba koma thupi likuikoka, mchira m'mwamba mutu pansi, ikulimbana ndi zipsepse kuti imire koma osatheka. Malinga ndi mmene mwafotokozera, yanu ndi yachiwiriyi. Koma ngati ikuchita zonse ziwiri, yambani ndi kubanikako, chifukwa kumapha m'maola ochepa pomwe kuyandama kumapereka masiku.

Mkati mwa nsomba muli kathumba ka mpweya, kamene aliyense wotumbula nsomba anakaonapo, koyera, kophulika ukakafinya. Goldfish ndi ya banja limodzi ndi ntchila, mpasa, usipa ndi matemba, ndipo m'banja limeneli kathumbako kali ndi zipinda ziwiri, komanso kali ndi kanjira kolumikizana ndi kummero. Nsomba imawonjezera kapena kuchepetsa mpweya m'menemo kuti ikhale pamlingo umene ikufuna popanda kutopa. China chilichonse chikapanikiza kathumbako, kapena mpweya ukadzadza m'matumbo, nsomba imalephera kudziwongolera. Goldfish ilibenso chifu chenicheni monga chathu. Chakudya chimangodutsa m'matumbo aatali, ndiye ikadya mopitirira, makamaka chouma chimene chimafufuma chikanyowa, matumbowo amatupa.

Pano mtundu wa nsombayo ndi wofunika. Goldfish anayamba kuziweta ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo anthu akhala akusankha zamatupi ofupika ndi onenepa chifukwa cha kukongola. Oranda, ryukin, ranchu ndi fantail zili ndi ziwalo zonse za nsomba yaitali koma zopanikizidwa m'thupi lozungulira. Mitundu imeneyi ndi imene imavutika kwambiri ndi kuyandama. Ngati yanu ndi yozungulira ya michira iwiri, ndipo imayandama kwambiri ikangomaliza kudya n'kupezako bwino m'mawa, ndinganene mosakayika kwambiri kuti vuto lili m'matumbo. Ngati ndi yaitali yowonda ya mchira umodzi, mtundu umene suyandama wamba, ndingakayikire madzi kapena matenda.

Lero lomwe siyani kuipatsa chakudya kwa masiku awiri kapena atatu. Ndikudziwa kuti mwana adandaula, ndipo nsombayo izibwera kugalasi ngati ikupempha, koma goldfish yaikulu imatha masiku amenewo popanda vuto lililonse. Mufotokozereni mwanayo, ndipo chitini cha chakudya muchiike patali, chifukwa m'nyumba zambiri nsomba imadyetsedwa ndi anthu atatu, aliyense akuganiza kuti ndi iye yekha amene waikumbukira.

Nthawi yomweyo samalani madzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa mbale yozungulira ija ndiyo ikundidetsa nkhawa kuposa chakudya. Goldfish imatulutsa zoipa zambiri. Kudzera m'makha ndi m'chimbudzi chake imatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. M'thanki yokhala ndi fyuluta, kamakina kosefa madzi, mumakhala mabakiteriya abwino amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenako kukhala nitrate amene saopsa kwambiri ndipo amachotsedwa posintha madzi. M'mbale yopanda fyuluta mabakiteriya amenewa amakhala ochepa, ndiye poizoni amangounjikana ngakhale madzi akuoneka oyera mbee. Maso sangakuuzeni. Ngati kusitolo yogulitsa nsomba zoweta kuli zoyezera madzi, gulani: amoniya ndi nitrite ziyenera kukhala pa 0, nitrate asapitirire 40 mg pa lita.

Kaya mwayeza kaya ayi, chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo, muthiremo atsopano, ndipo muzitero tsiku lililonse sabata ino. Musakhuthule onse nthawi imodzi, musatsuke mbale kapena miyala ndi sopo. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini amene amaotcha makha, choncho thiranimo madontho ochotsa klorini amene amagulitsa m'masitolo a nsomba. Ngati simunawapeze, tungani madzi m'ndowa yosavindikira agone tsiku lathunthu, ngakhale kuti njira imeneyi siithandiza kumene madzi amawathira chloramine, mankhwala ena ophera tizilombo, amene sauluka. Ndowayo ikhale yosachapiramo. Madzi atsopanowo akhale m'chipinda chomwecho kuti kutentha kwake kufanane ndi kwa m'mbale, chifukwa kusintha kwadzidzidzi kumawonjezera vuto. Goldfish imakhala bwino pakati pa madigiri 18 ndi 23. Madzi akazizira kwambiri, monga m'miyezi ya June ndi July, chakudya chimachedwa kugayika ndipo muyenera kuchepetsa. Akatentha, monga mu October, amasunga okosijeni wochepa. Mbale isakhale pawindo lowomba dzuwa.

Ngati muli ndi beseni lalikulu lapulasitiki loyera, isamutsireni m'menemo pamodzi ndi madzi ake akale, n'kumawonjezera atsopano pang'onopang'ono. Beseni lotambalala la malita 40 ndi labwino kuposa mbale yokongola ya malita asanu, popeza mpweya umalowera pamwamba pa madzi ndipo mbale yozungulira imakhala yopapatiza pakamwa. Madzi asazame kwambiri pamene ikudwala, kuti isavutike kufika pansi. Mukadzakhala ndi ndalama, goldfish imodzi yozungulira imafuna thanki ya malita pafupifupi 75 yokhala ndi fyuluta. Magetsi akathima kwa nthawi yaitali ndipo pampu ya fyuluta yaima, tungani madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo pa ola, ndipo musaidyetse mpaka atayaka.

Chinthu china chimene anthu amaiwala ndi khungu. Nsomba yoyandama imakhala ndi mbali ina ya msana kapena mimba kunja kwa madzi, ndipo pamenepo pamauma, pamafiira, kenako pamatuluka chilonda. Vindikirani beseni ndi chinthu chosiya mpata wa mpweya kuti pamwamba pakhale chinyontho, ndipo muzipayang'ana. Musaigwiregwire ndi manja, ndipo musaifinye mimba poganiza kuti mpweya utuluka. Ndamvapo ena akunena zoboola ndi singano. Zimenezo amachita ndi dokotala wa ziweto yekha, atayamba waunika mkati.

Masiku osala aja akatha, iphikireni nsawawa ziwiri kapena zitatu, zaziwisi kapena za mufiriji, m'madzi opanda mchere kapena mafuta mpaka zifewe. Zisendeni kakhungu kaja, muzidule tizidutswa tofanana ndi diso la nsombayo, zizire. Nsawawa zimamira ndipo zimathandiza matumbo kuyenda. Ngati nsombayo sikutha kutsika kukatola, igwirireni kachidutswa pafupi ndi kamwa pansi pa madzi. Ipatseni zimenezo zokha kamodzi patsiku kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo zotsala muzichotsa zisanawole. Yang'anani chimbudzi chake: chikayamba kutuluka chobiriwira, chachifupi, chomira, zinthu zikuyenda. Chachitali choyera ngati ulusi, kapena chokhala ndi tithovu ta mpweya choyandama, chikusonyeza kuti m'matumbo simunakhale bwino.

Ikachira musabwerere ku chakudya choyandama chija, chifukwa pochidya pamwamba nsomba imameza mpweya. Funani chamibulu chomira, muzichiviika kaye m'madzi pang'ono, ndipo muzipereka chimene ingamalize m'mphindi ziwiri, kamodzi kapena kawiri patsiku. Masamba ofewetsedwa monga sipinachi ndi abwino kangapo pasabata. Buledi, nsima ndi mpunga wotsala ayi.

Ndikuuzeninso zizindikiro zimene zimasintha nkhani yonseyi. Yang'anani nsombayo kuchokera pamwamba. Ngati thupi latupa ndipo mamba atukuka n'kuloza kunja m'malo mogona, maso atuzuka, amenewo ndi madzi odzadza m'thupi, nthawi zambiri chifukwa impso zikulephera, ndipo nsawawa sizingathandize. Ngati pali mizere yofiira m'zipsepse, zilonda, zipsepse zopindika kumamatira thupi, kapena yasiyiratu kufuna chakudya, pakhoza kukhala mabakiteriya oyambitsa matenda. Ngati mbali imodzi yokha ya mimba yatupa, pakhoza kukhala chotupa, kapena mazira amene yalephera kuikira. Zimenezi zimafuna dokotala wa ziweto. Si onse amene amaona nsomba, koma imbani mufunse, mutenge kanema wa mmene ikusambira ndiponso madzi a m'mbalemo m'botolo lina. Ma antibiotic othira mongoganizira amapha mabakiteriya abwino aja, madzi n'kuipa kuposa poyamba.

Za mchere, popeza wina wautchula: wa Epsom, umene ndi magnesium sulphate, ena amaugwiritsa ntchito pothandiza kutupa ndi kudzimbidwa, ndipo ndi wosiyana kotheratu ndi mchere wa m'ndiwo. Ine ndingati muusiye kaye mpaka muone zotsatira za kusala ndi madzi abwino. Mukachita zinthu zisanu tsiku limodzi simudziwa chimene chathandiza kapena chimene chapweteka.

Pali nsomba zina zozungulira zimene sizichiriratu, chifukwa kathumba kake kanapindika chibadwire. Yotere imatha kukhala zaka ndithu ikusambira mopendekeka pang'ono, bola ikudya, khungu lili bwino, madzi ndi osazama. Goldfish yosamalidwa imafika zaka 10 mpaka 15, choncho masiku ochepa oleza mtima si ambiri. Koma ikafika pogadabuka usana ndi usiku, zilonda zikukula, osadya, funsani dokotala za njira yoiphera mosaizunza. Ambiri amagwiritsa ntchito mafuta a clove. Musaitaye m'chimbudzi ili moyo, ndipo musakaiponye mumtsinje kapena m'damu. Kumeneko ikafa pang'onopang'ono, ndipo ikapulumuka ndi nsomba yachilendo imene ingatengere matenda kwa nsomba zathu.

Mukatha, tumizani chithunzi chojambula kuchokera pamwamba kuti tione mamba, ndipo mutiuze kuti mbaleyo imalowa malita angati, madzi munawasintha liti komaliza, ndiponso ngati muli nsomba ina m'menemo. Ngati ilimo ndipo nayonso yayamba kukhala pamwamba, vuto ndi madzi, ndiye sinthani theka lake usiku uno, musadikire mawa.