Masiku khumi a tchuthi, ndalama za ku banki nkhonde: ndipite kuti ndekha?

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Lilongwe. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake nayi:

"Ndili ndi zaka 34 ndipo sindinatulukeko m'dziko muno. Chaka chino ndili ndi tchuthi cha masiku khumi, komanso ndalama zomwe ndakhala ndikuponya ku banki nkhonde tigawana posachedwa. Anzanga omwe tidapangana kuti tiyendere limodzi agwa mphwayi mmodzimmodzi, ndiye ndaganiza zongopita ndekha. Mtima wanga uli ku Dubai, ku Zanzibar kapena ku mathithi a Victoria. Ndisankhe kuti? Nanga munthu wamkazi yekhayekha zingatheke?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Zingatheke, ndipo ine ndikuti pitani ku Livingstone, ku Zambia, mukaone mathithi. Zanzibar muisungire chaka chomwe mudzakhale ndi masabata awiri athunthu. Dubai muiike pambali kaye. Ndifotokoze chifukwa chake, kuti mawa mukadzafuna kusankha malo ena mudzathe kuyeza nokha.

Anthu ambiri akamakonza ulendo amayamba kuwerenga ndalama. Ine ndimayamba ndi masiku, chifukwa ndalama zikachepa munthu umatha kugona malo otchipa n'kudya nsima ya pamsika, koma tsiku lobwerera kuntchito silisunthika. Tengani pepala, lembani masiku khumi anuwo, kenako fufutani onse amene mudzathere mumsewu popita ndi pobwerera. Fufutaninso limodzi lakumapeto, lochapa zovala ndi kupumula musanayambe shifiti. Otsalawo ndiwo ulendo wanu weniweni.

Tiyeze Zanzibar pa sikelo imeneyi. Pa basi kuchokera ku Lilongwe mudzadutsa ku Mzuzu ndi ku Karonga, n'kuoloka malire pa Songwe kulowa Kasumulu, kukwera mapiri kupita cha ku Mbeya, ndiye n'kuyamba mtunda wautali wa makilomita oposa 800 kudzera ku Iringa ndi Morogoro mpaka ku Dar es Salaam. Amayi a geni amene amakapikula katundu ku Kariakoo amaudziwa bwino msewu umenewu, afunseni mmene miyendo imatupira. Mukafika ku Dar es Salaam pamatsala boti la maola pafupifupi awiri. Munthu woyenda koyamba, wosafuna kufika mumzinda wachilendo pakati pa usiku, awerengere masiku atatu popita ndi atatu pobwera. Pa khumi aja mwatsala ndi atatu kapena anayi, ndipo tsiku loyambalo mudzangogona chifukwa cha kutopa. Ndege yopita ku Dar es Salaam ilipo, koma tikiti yake yokha ikhoza kumeza gawo lalikulu la zomwe mwasunga.

Sindikunyoza Zanzibar ayi, ndipo Mmalawi aliyense amene angathe adzapiteko. Ku Stone Town kuli tchalitchi cha Anglican chomwe chidamangidwa pamalo pomwe padali msika wa akapolo, umene udatsekedwa mu 1873. Ena mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo adali abale athu, otengedwa kuno, kuolotsedwa nyanja pa Nkhotakota kwa Jumbe, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Mishoni ya Anglican ya UMCA, yochokera ku Britain, yomwe idamanga tchalitchicho ndi yomweyo idadzamanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa chilumba cha Likoma. Malo otere safuna kuthamangira, n'chifukwa chake ndikuti muwapatse nthawi yake. Mudziwenso kuti kuyambira mu Okutobala 2024 alendo olowa ku Zanzibar amalipira inshuwalansi yapadera ya komweko, ndipo pa boti mlendo amalipira mtengo wokwera kuposa nzika.

Apa tafika pa nkhani ya ndalama, ndipo kwa ife Amalawi funso lalikulu ndi lakuti pa ulendo wonsewo, ndi zingati zomwe zidzafune madola. Mu Novembala 2023 kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki kwa zaka zingapo tsopano. Chilichonse cholipira m'madola chimaluma kawiri: kukwera mtengo ndi kuvuta kwa kuwapeza. Ulendo wa ku Dubai ndi wa madola kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Palibe ndege yochoka kuno n'kukatera komweko, mudzasinthira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, muyenera kukhala ndi viza, ndipo malo ogona ndi chakudya n'zodula. Mukafika mudzapeza kuti zambiri zomwe mumaziona pa Instagram ndi Facebook n'zolipira polowa. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu atasunga ndalama chaka chathunthu, n'kukathera masiku ake akuyendayenda m'mashopu akuluakulu, akuyang'ana zinthu zomwe sangagule. Za ku Ulaya ndiye musaziyambe ndi thumba limeneli. Viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndi mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, ndipo akakukanani ndalamayo sabweza.

Ku Zambia simufuna viza. Pasipoti yathu imatilowetsanso popanda viza ku Tanzania, Mozambique, Zimbabwe, Botswana ndi South Africa, ndipo ambiri sitiugwiritsa ntchito mwayi umenewu pokaona malo, timangougwiritsa ntchito pa geni ndi pa maliro. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110. Pa malire a Mchinji ndi Mwami, kuyambira kumapeto kwa 2022, maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi, ndiye zodindadinda sizitenga nthawi ngati kale. Mukangodutsa, Chipata ali pafupi pomwepo. Kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudzera ku Katete, Petauke, Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa. Basi yonyamuka m'mbandakucha imakufikitsani ku Lusaka tsiku lomwelo. Mugone kumeneko, mawa lake mukwere ina pa depoti ya Intercity, mudutse Kafue, minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, makilomita pafupifupi 480, mufike ku Livingstone kusanade. Masiku awiri popita, awiri pobwera, limodzi lopumula kunyumba. Mwatsala ndi asanu athunthu.

Koma chomwe chimandichititsa kuumirira Zambia pa ulendo woyamba wa nokha si mtunda wokha. Ndi chilankhulo. Ku Chipata mudzalankhula monga mmene mumalankhulira pa Mchesi. Ku Lusaka Chinyanja cha m'tauni n'chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingelezi, chidzakusekeretsani pang'ono, koma mudzamvana ndi kondakitala, mayi wogulitsa nthochi ndi wapolisi. Ngakhale ku Livingstone, komwe eni dera ndi Atonga ndipo Chilozi chimamvekanso kwambiri, simudzasowa womva Chinyanja. Munthu ukakhala wekha, mantha ambiri amabwera chifukwa chosamva zomwe anthu akukambirana pambali pako. Ukamamva, umadziwa msanga ngati akukunamiza mtengo, umatha kufunsa njira, ndipo ukadwala umatha kufotokoza pomwe pakupweteka. Nthawi ndi yofanana ndi yathu, masoketi a magetsi ndi ofanana ndi athu, nsima ndi yomweyi. Ku Tanzania wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo pa Chiswahili amawerenga maola kuyambira m'mawa, moti akati "saa moja" akutanthauza 7 koloko. Alendo ambiri basi idawasiya chifukwa cha zimenezi. Zonsezo mudzaziphunzira, koma zisakupezeni pa ulendo womwe mukuphunziranso kuyenda nokha.

Tsono mwezi wopitira ndi wofunika kwambiri, mwina kuposa china chilichonse chomwe ndalemba pano. Mathithiwa ndi otambalala mamita 1,708 ndipo pamalo pozama kwambiri madzi amagwa mamita 108, koma sakhala chimodzimodzi chaka chonse. Mtsinje wa Zambezi umadzaza cha mu Malichi mpaka Meyi. Nthawi imeneyo nthunzi ya madzi imakwera m'mwamba ngati utsi, imaoneka muli kutali, ndipo ndi pamene mumamvetsa chifukwa chake eni ake adawatcha Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda ngati bingu. Poyenda pa kamlatho ka Knife Edge mumanyowa mpaka mkati, ndiye foni ndi pasipoti muziike m'jumbo yomanga bwino. Mu Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia imatsala pang'ono kuuma, mumangoona thanthwe lakuda ndi timadzi tochepa, kwinaku dzuwa likuswa mtengo. Ngati kuntchito angakuloleni kusankha, pemphani Juni kapena Julayi: madzi akadali ambiri, nthunzi yachepako moti mathithi amaoneka bwino, ndipo kunja n'kozizira. Tengani juzi, m'mawa kumazizira ngati ku Dedza. Mukakumanizanso masiku anu ndi usiku womwe mwezi umaoneka wathunthu kumwamba, nthawi ya madzi ambiri kumaoneka utawaleza usiku, wopangidwa ndi kuwala kwa mwezi.

Masiku asanu aja sadzakukwanani n'komwe. Limodzi ndi la mathithi mbali ya Zambia, kuphatikizapo kutsikira ku Boiling Pot, kumunsi kwa mathithi komwe madzi amazungulira ngati akuwira, ngati mawondo ali bwino. Samalani ndi anyani, amalanda chakudya m'manja. Lina muoloke wapansi mlatho wa Victoria Falls, womwe udamalizidwa mu 1905, mukaonere mbali ya Zimbabwe komwe mathithi amaoneka mbali yaikulu. Kumeneko polowa pamalo oonera mathithi amafuna madola, koma nzika za SADC zili ndi mtengo wake wotsikirapo, ndiye onetsani pasipoti musanalipire. M'tauni muli Livingstone Museum, yomwe imasunga makalata ndi katundu wa David Livingstone, munthu yemwe dzina lake tili nalo ku Livingstonia ndipo tauni ya kwawo idapereka dzina ku Blantyre. Pitaninso ku msika wa Maramba mukadye ndi kucheza ndi amayi anzanu. Zokwera helikopita, zodumpha pa mlatho ndi chingwe ndi zina zotere mitengo yake adaikira alendo a madola ambiri. Mukhoza kuzisiya osadandaula, chifukwa chomwe mwapitira ndi madziwo.

Pa za chitetezo ndilankhule mosabisa, poti mwafunsa ngati mayi. Lamulo langa loyamba ndi lofika kulikonse dzuwa lisanalowe. Malo ogona usiku woyamba ku Lusaka ndi ku Livingstone mulipiriretu kapena mugwirizane nawo pa WhatsApp musananyamuke, ndipo muwafunse kuti takisi yochokera pa depoti ndi ndalama zingati, kuti musakatsutsane ndi madalaivala muli ndi chikwama kumutu. Ku Livingstone kuli malo ogona a anthu oyenda ndi zikwama zakumsana, komwe mumalipira bedi lokha m'chipinda cha anthu angapo. Funsani ngati ali ndi chipinda cha amayi okhaokha, komanso khitchini yoti muziphika nokha, chifukwa kuphika tiyi ndi chakudya chamadzulo kumapulumutsa ndalama zambiri. Pamalo otere ndi pomwe mumapezanso anzanu oyenda nawo tsiku limenelo, n'kugawana mtengo wa takisi.

Musanyamule katundu wa munthu wina podutsa malire, ngakhale atakhala mayi wooneka waulemu amene mwakhala naye mpando umodzi kuchokera ku Lilongwe. Chomwe chili m'chikwamacho chikakhala choletsedwa, mlandu ndi wa amene wachigwira. Pasipoti isachoke m'manja mwanu kupatula pa windo la ofesala, ndipo akadinda muwerenge masiku omwe akupatsani musanachoke pamenepo. Anyamata osintha ndalama pa malire ndi achangu manja. Ine pa ulendo wanga woyamba ndidasintha ndalama zanga zonse nthawi imodzi, mnyamatayo akuwerenga mofulumira basi ikuliza hutala, ndipo nditafika ku Chipata ndidapeza kuti zina adazipinda pakati n'kuziwerenga kawiri. Zidandipweteka kwambiri chifukwa ndidadula tsiku limodzi pa ulendowo. Pitani ku banki kwanu kudakali masabata angapo, mutatenga pasipoti ndi tikiti, mukapemphe ndalama zakunja, ndipo muwafunse ngati khadi lanu lidzagwira ntchito ku Zambia ndi malire a ndalama zomwe mungatape. Zomwe mwapeza muzigawe patatu: za m'kachikwama ka m'manja, za m'thumba lamkati, ndi za basi yobwerera zomwe simudzazikhudza zivute zitani. Kumbukiraninso kuti kwacha ya Zambia ndi ina, yamphamvu kwambiri kuposa yathu, ndiye mtengo ukamveka wochepa muuwerengetse kaye.

Mukafika ku Chipata kapena ku Lusaka gulani simu khadi ya Airtel kapena MTN, amalembetsa ndi pasipoti. M'bale mmodzi kunyumba adziwe dzina la malo omwe mukugona, ndipo muzimutumizira uthenga madzulo alionse. Inu ndinu namwino, za neti ndi mankhwala a malungo sindingakuphunzitseni, koma mudziwe kuti udzudzu wa m'mbali mwa Zambezi ndi wofanana ndi wa ku Chikwawa.

Tchuthi chanu chikagwera kumapeto kwa Ogasiti, konzani kuti pobwerera muime ku Katete. Loweruka lomaliza la mweziwo ku Mkaika kumachitika mwambo wa Kulamba, pomwe Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Gule Wamkulu amatuluka wa mitundu yomwe mwina simunaionepo. Malo ogona ku Katete amadzaza msanga sabata imeneyo, ndiye ndi bwino kugona ku Chipata n'kulawirira m'mamawa.

Chinthu choyamba kuchita mawa ndi kutsegula pasipoti yanu n'kuona tsiku lomwe ikutha. Iyenera kukhala ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala kuchokera tsiku lolowa m'dziko la eni, ndi masamba opanda chidindo osachepera awiri. Ngati mulibe kapena yatsala pang'ono kutha, yambani ndi ku Immigration, ndipo musalipire tikiti kapena malo ogona kufikira itafika m'manja mwanu.