Dokotala wa amayi samangosiyidwa akamaliza sukulu

Achemwali a ku Luchenza mwafunsa ngati dokotala wa uchembere akangotenga pepala basi palibenso omulondola. Ayi ndithu. Akamaliza digiri yoyamba amakaphunziranso zaka 4 ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS uku akugwira ntchito ku Queens, kenako a Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala, amamulemba ngati katswiri koma laisensi yake yogwirira ntchito amakonzanso chaka ndi chaka ndipo amayenera kuonetsa mapointi a CPD kuti wakhala akupita kumaphunziro oonjezera. Ine ndimaona kuti nzofunika heve, njira zoletsera mayi kutaya magazi akachira kapena zothana ndi BP ya mimba zimasinthasintha. Azamba a pa Thyolo paja iwo amaonedwa ndi a Nurses and Midwives Council. Mukakayika wina wake mufunseni nambala yake ya kaundula.