Kodi galu apite nawo ku Mua?

Imelo ya sabata ino yandikhudza penipeni. Mayi wina wa ku Area 49 akufuna kupita ndi ana ake ku Mua kukaona za chikhalidwe ku Kungoni, kenako akagone ku Senga Bay. Akufunsa ngati angatenge galu wawo, poti abale akumuseka kuti wayamba chizungu.

Achemwali, kusekedwako ine ndidakuzolowera. Wanga ndi galu wachikuda, wofiirira, wamakutu oima, dzina lake Zilipo. Ndidamutenga kwa azakhali ku Mitundu ali kamwana kodzaza utitiri, mimba ili tuu ndi njoka za m'mimba. Nditayamba kuyenda naye pa chingwe m'mamawa, anyamata a kabaza ankandikuwiza kuti, "Abwana, lero mwatuluka ndi madamu!" Amayi ogulitsa mandasi pa kona ankaseka mpaka kugwira nthiti. Pano ndi amayi omwewo amamusungira zinyenyeswazi, ndipo ndikadutsa ndekha amafunsa ngati Zilipo wadwala. Ine sandifunsa za moyo wanga, koma zimenezo tizisiye.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Anthu amene amaseka munthu woyenda ndi galu, ambiri a iwo ali ndi galu kumpanda kwawo, wotsekeredwa m'kabokosi ka malata tsiku lonse, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ati kuti akhale wolusa usiku. Chakudya chake ndi mkute wa dzana, madzi akumbukira mwana wantchito. Galu wotere sadziwa mwana wa pakhomo, sadziwa mlendo, sadziwa wakuba. Aliyense ndi mdani. Tsiku lodula tcheni amayamba kuluma a m'nyumba momwemo. Ndiye musandiuze kuti kusamala galu ndi chizungu. Agogo athu ankapita ku uzimba ndi agalu, ankawadziwa mayina, ndipo galu wogwira kalulu ankalandira matumbo ake pomwepo. Kabokosi ka malatako ndiye kachilendo.

Komabe, apa ndikukhumudwitsani pang'ono. Kukonda galu si kumutenga paliponse. Ndaona anthu a m'tauni muno akutsika galimoto kumudzi ndi galu wonenepa kuposa ana a pamudzipo, akumupatsa nyama yam'chitini pamaso pa anthu amene adya nsima ya masamba a maungu. Kumeneko ndi kunyoza, ngakhale mwini wake sakuzindikira. Ndipo pa bwalo la Gule Wamkulu ndiye ayi, ndikukana kwamtuwagalu. Gule si sewero la pa TV. Bungwe la United Nations loona za chikhalidwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, koma eni ake sadadikire UNESCO kuti amulemekeze. Zilombo zikatuluka kudambwe, ng'oma zikulira, fumbi lili koboo, galu wa m'tauni amene sadaonepo Kasiyamaliro achita chimodzi mwa ziwiri: athawira kutchire osabwerera, kapena auwa ndi kulumphira chilombo. Zikatero nkhani yake ikathera kwa amfumu, ndipo mbuzi yolipira siichokera m'thumba la galu.

Ku Kungoni ndidapitako ndekha, Zilipo ndidamusiya. Malowa adayambitsidwa mu 1976 ndi wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, amene anthu adamupatsa dzina loti Achisale. M'nyumba yawo yosungiramo zinthu zachikhalidwe ya Chamare muli zigoba za gule zambirimbiri, komanso mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pamafunika kuima, kumvetsera wolongosola, kufunsa. Ana anu akaphunzira zambiri mutakhala kuti simukulimbana ndi chingwe. Komanso njira ya ku Golomoti ija, yokhotakhota potsika phiri, munthu wamkulu amachita nayo chizungulire. Galu wosazolowera galimoto asanza mpando wonse musanafike pansi.

Kumene ine ndimapita naye ndi kumapiri. Ku Nkhoma, ku Bunda, kumene kuli mphepo ndi fungo la mbira, Zilipo amasanduka galu wina, mchira uli m'mwamba. Koma ngakhale uko chingwe sindichichotsa tikamadutsa m'midzi, chifukwa nkhuku ya mwini ikafa palibe chakuti "amangosewera". M'tauni muno namonso ndimabwerera kusanade. Anthu obwera kumene sakhulupirira, koma afisi alipo mu Lilongwe, amayenda usiku m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi ndi m'malo otayako zinyalala, ndipo kagalu kosochera ndi ndiwo kwa iwo.

Tsono za ulendo wanu

Ku Mua musiyeni. Pezani munthu amene galuyo amamudziwa kale, agone pakhomo, mumusiyire ufa wa mgaiwa ndi bonya wokwanira masiku onse, ndipo mumuonetse poika madzi. Ngati mtima ukukana, konzani ulendo wina wa kunyanja wokha. Imbani kaye foni kumalo ogona, chifukwa ena salola agalu, ndipo kumalo osungira nyama zakutchire monga Kasungu kapena Nkhotakota musayese n'komwe. Nyamukani m'mawa kusanatenthe, musamudyetse kwambiri musananyamuke, muziima kuti amwe madzi, ndipo musamusiye m'galimoto yotseka ngakhale mukungogula tomato pa msewu. Mchenga wa ku Salima masana umawotcha mapazi ake monga umawotchera anu. Pobwera mufufuze nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi katemera wa chiwewe. Kamwana ka galu kamabayidwa kakafika miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka. A bungwe losamalira nyama la LSPCA kuno ku Lilongwe amabaya, ofesi za boma zoona za ziweto nazonso zimabaya. Khadi lake liziyenda nanu m'galimoto. Galu wanu akakanda mwana wa munthu kunyanja, funso loyamba likhala la khadilo, ndipo pakamwa pokha sakukhulupirirani. Wina akalumidwa, kaya ndi galu wanu kaya wa m'mudzi, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichizika.

Abale okusekaniwo auzeni kuti abayitse awo. Mundilembere mukabwera, makamaka ngati ana aona chigoba cha gule cha Chadzunda.