Za loko ukufunsa uja, msuweni

Eee, msuweni, ndauona uthenga wako pagulupu. Wati ukufuna loko wolimba wa pachitseko, ugule wamtundu wanji. Iwe, loko wachitatu chaka chino chokha? Dikira ndichepetse wailesi.

Ukuwakumbuka amalume aku Ntcheu? Ayi, osati a njinga yamoto, akulu aja a khola la mbuzi. Madzulo ankatseka khola, kulowa m'nyumba, n'kutulukanso ndi tochi kukagwedeza chitseko. Kasanu! Tinkawerenga tili pamkeka, iwe kuseka mpaka agogo anakutsina. Nanga tsiku la ukwati lija? Tafika kale pa Balaka... ayi, ndanama, pa Chingeni, iwo akuti minibasi iime, abwerere akaone ngati anazimitsa mbaula. Mbaula yoti anathirapo madzi ndi manja awo. Anatipeza tikudya kale, suti ili fumbi lokhalokha. Anthu ankati mbuzi zawalowa m'mutu. Komatu munthu uja sankagona, azakhali ndi amene akudziwa.

Nde ndimati chiyani... eya. Loko alibe mlandu, msuweni. Zimene ndinaona pa Khirisimasi, kubwerera katatu kukagwira chitseko, kujambula ayironi pafoni kuti utsimikize kuti wazimitsa, zili ndi dzina, ndi vuto la maganizo lomwe amati OCD. Limabwera ganizo loti nyumba ipsa, mtima phaphapha, ukakayang'ana umapepukidwa pang'ono, kenako chikayiko chija chabweranso ndi mphamvu. Kuyang'anako ndiye chakudya chake.

Akatswiri a zamaganizo ali ndi njira yomwe amati ERP. Umatseka kamodzi, n'kuchokapo, mantha azikutafuna koma osabwerera, mpaka amayamba kutsika okha. Amakuyambitsa ndi tating'ono, sakuponya padziwe tsiku loyamba. Ena amapatsidwanso mankhwala monga fluoxetine, koma amenewo amatha kutenga masabata 8 mpaka 12 kuti uone kusintha, nde osawataya pa sabata yachiwiri ngati mmene umachitira ndi madayeti ako aja. Ku St John of God amathandiza za maganizo, ku Lilongwe kuno aliko, ku Mzuzu aliko. Kupitako sikuti wapenga ayi.

Usagule loko, ukaonane nawo anthu amenewa. Ndikuperekeza Lachisanu, bola ya minibasi ulipire iwe. Ndipo zonditumizira meseji pakati pa usiku, "kodi geti tinatseka?", sindiyankhanso. Si nkhanza, kukuyankhako kumangonenepetsa chikayiko chija. Wamva? Loko musiye m'sitolo, Lachisanu tipite.