13 ya Black Sabbath: nchifukwa chiyani chimbale chabwino chikutopetsa makutu?

Wowerenga wina amene amaimba gitala ndipo ali ndi kasitudiyo kunyumba walemba kalata yaifupi. Wamvera chimbale cha Black Sabbath chotchedwa 13, nyimbo zake akuzikonda, koma akangofika pa yachinayi kapena yachisanu makutu amatopa, pomwe Paranoid amatha kuchimvera kawiri motsatizana osamva kanthu. Akufunsa ngati vuto ndi mahedifoni ake, ukalamba wa oimbawo, kapena kusowa kwa Bill Ward pa ng'oma.

Achimwene, mahedifoniwo musataye, alibe mlandu. Ukalamba nawonso uchotseni pa mndandanda. Zotsalazo ndi ziwiri, ng'oma ndi kasakanizidwe ka mawu, ndipo kuti zimveke bwino tiyambe ndi m'mene chimbalechi chinabadwira.

Pa 11 Novembala 2011, ku malo oimbira a Whisky a Go Go ku California, amuna anayi amene anayambitsa gululi ku Aston mumzinda wa Birmingham mu 1968 anakhala pamaso pa atolankhani nkulengeza kuti abwererana: Ozzy Osbourne, Tony Iommi, Geezer Butler ndi Bill Ward. Ozzy anali asanajambule chimbale chathunthu cha mu situdiyo ndi anzakewa chichokereni Never Say Die! cha 1978. Pasanathe miyezi iwiri zinadziwika kuti Iommi wapezeka ndi khansa ya lymphoma, ndipo ntchito yopeka nyimbo inasamukira ku England kuti azikhala pafupi ndi madokotala. Mu Febuluwale 2012 Ward analemba poyera kuti sangapitirize pokhapokha atapatsidwa mgwirizano woti akhoza kusainira. Pambuyo pake Ozzy anati Ward analibe mphamvu zoimbira ulendo wautali, Ward nkukana, mpaka awiriwa anakhala zaka akuyankhana kudzera m'manyuzi. Pa ng'oma panakhala Brad Wilk wa Rage Against the Machine, ndipo chimbale chinajambulidwa ku Shangri-La, situdiyo ya Rick Rubin ku Malibu.

Rubin, amene anatsogolera kujambula chimbalechi, ndiye mwini maganizo onse a 13. Njira yake ndi magulu akale ndi yodziwika: amawabweza kumene anayambira. A Sabbath anawakhazika pansi nkuwamvetsera chimbale chawo choyamba, chija anachijambula tsiku limodzi mu Okutobala 1969 nkutuluka pa 13 Febuluwale 1970, ndipo anawauza kuti aiwale zoti ndi gulu la heavy metal, aganize ngati anyamata a blues amene akupeka chimbale chachiwiri. Maganizowo ndi anzeru, ndipo mbali ina anathekadi. Mverani Damaged Soul: ndi blues yolemera, yoyenda pang'onopang'ono, harmonica ikulira, Iommi akutambasula solo mosathamanga, besi ya Butler ikuyendayenda pansi pake osangotsatira gitala. Iommiyo ndi munthu wa zaka 64, amene akulandira mankhwala a khansa, amene nsonga za zala ziwiri za kudzanja lamanja zinadulidwa ndi makina a fakitale ali ndi zaka 17 ndipo amadina nsambo ndi tizivalo topanga, koma akuimba moyaka kuposa achinyamata ambiri. Ndiye wina asanene za ukalamba apa. Ngakhale mawu a Ozzy anawasamala bwino: sanamukwezere pamwamba ngati pa Sabotage cha 1975, anamusiya m'munsi momwe munthu wa zaka 64 amatha kuimba osadzipha, ndipo mawu otsikawo akugwirizana ndi mdima wa nyimbozo.

Koma njira yobwerera kumbuyo ili ndi mtengo wake. End of the Beginning imatsegula chimbale ndi manoti olemera apatalipatali ndi mawu apansi, kamangidwe kake kofanana kwambiri ndi nyimbo yoyamba ya chimbale cha 1970. Zeitgeist, ndi gitala yake yofatsa ndi ting'oma ta m'manja, ndi mbale wake wa Planet Caravan ya pa Paranoid. Loner ikukumbutsa N.I.B. ya pa chimbale choyamba. Mpaka Dear Father imatha ndi mvula, bingu ndi belu, zomwe zinatsegula chimbale choyamba. Ena anasangalala nazo, ine ndikuona kuti apa Rubin anapitirira muyeso. Anyamata a 1969 sankatsanzira aliyense pamene ankapeka zimenezo, ndiye ukawauza akuluakuluwa kuti atsanzire unyamata wawo, wachotsa kale chinthu chimene umafuna kubweza.

Anzathu a ku Zambia anadutsa pa mayeso omwewa. M'zaka za m'ma 1970 nyimbo za Zamrock zinamwa kwambiri kwa Black Sabbath ndi Jimi Hendrix, ndipo aliyense amene wamvapo gitala ya fuzz ya Paul Ngozi ndi Ngozi Family sangatsutse. Gulu la WITCH la Jagari Chanda linatulutsa Zango mu 2023, patapita zaka pafupifupi 40 lisanatulutse chimbale chatsopano, ndipo linabwerera ku DB Studios ku Lusaka komwe linajambula Lazy Bones!! mu 1975. Kusiyana kwake nkwakuti iwo anabwerera kumalo ndi ku zida zakale, koma analowetsa oimba achinyamata, kuphatikizapo Sampa the Great, nkupeka zomwe zikuwasangalatsa lero. Kubwerera kotereku ndimakukhulupirira kuposa kupeka nyimbo iliyonse moyang'ana inzake yakale.

Tsopano ng'oma. Brad Wilk ndi katswiri, ndipo sanalakwitse kalikonse pa 13. Vuto ndi lakuti iye ndi Ward anakulira m'masukulu osiyana. Wilk amamenya molunjika, mwamphamvu, snare imagwa pamalo pake nthawi zonse, ndipo ndi zimene Rage Against the Machine inkafuna. Ward anakula akumvera oimba ng'oma a jazz monga Gene Krupa ndi Buddy Rich, choncho kumenya kwake kumagwedera, kumachedwerako pang'ono kumbuyo kwa gitala kenaka nkuthamangira kutsogolo. Tsegulani War Pigs ya pa Paranoid pomwe Ozzy akuyamba kuimba: gulu lonse limenya manoti awiri, phaa phaa, kenaka zii, kungotsala hi-hat yokha ikuwerenga nthawi pansi pa mawu ake. Kenaka Ward amadzaza mipata ina ndi ma tom, ina nkuisiya yopanda kanthu. Pa Fairies Wear Boots ng'omazo zimachita kuvina. Kulemera kwa Sabbath kunali m'mipata imeneyo. Riff ya Iommi, manoti a gitala amene amabwerezabwereza, imamveka ngati phiri chifukwa pambali pake pali bata, ndipo ng'oma zikamadzaza malo onse mofanana, phirilo limafupika. Wilk anayesetsa ndithu kulowa m'kayendedwe ka Ward, makamaka pa Age of Reason, koma kugwedera kotero sikuphunziridwa m'masabata ochepa.

Komabe si ng'omazo zikukupwetekani makutu. Chikukupwetekani ndi phokoso lopanikizidwa.

Mawu a digito ali ndi denga, 0 dBFS, lomwe sangapitirire. Kuti chimbale chimveke chokwera kuposa cha mnzako, sungakweze dengalo, umangokweza zigawo zofatsa kuti ziyandikire zaphokoso. Umagwiritsa compressor kuchepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika, kenaka limiter imadula nsonga za snare ndi kick kuti zisagunde denga, kenaka ukweza zonse pamodzi. Ukachita pang'ono nyimbo imagwirana bwino. Ukapitiriza, zimakhala ngati minibasi yomwe kondakitala wapanikiza anthu asanu pampando wa atatu: onse akweradi, koma palibe akupuma. Snare imataya kuthwa kwake kwa poyamba nkusanduka phokoso lafulati, ma cymbal amachita sss osaleka, besi ndi gitala zimakanganirana malo amodzi, ndipo chorus ikafika sipakhala pokwererapo chifukwa vesi inali kale padenga. Khutu limapuma m'zigawo zotsika. Likasowa popumira kwa nthawi yaitali limatopa, ndipo munthu amatsitsa voliyumu osadziwa chifukwa chake. Kumbukirani kuti nyimbo ziwiri zoyamba za 13 zokha zimatenga mphindi pafupifupi 17, ndiye kutopa kwanu kukufika pa nthawi yake.

Nkhani imeneyi siinayambe ndi Sabbath. Mu 2008 Metallica inatulutsa Death Magnetic, chojambulidwanso pansi pa Rubin, ndipo anthu anadandaula kwambiri kuti mawu ake akung'ambika. Ted Jensen, amene anachita mastering (ntchito yomaliza yokonza mawu chimbale chisanatuluke), ananena kuti nyimbozo zinamufika zitapanikizidwa kale pa mixing, posakaniza mawu. Chomwe chinautsa mkwiyo ndi chakuti nyimbo zomwezo zinatulukanso m'masewera a Guitar Hero zisanapanikizidwe motero, ndipo aliyense anatha kuyerekeza yekha nkumva kusiyana. 13 sichinafike poipa choncho, sichikung'ambika poyera, koma chili m'banja lomwelo. Ndipo apa ndiye pondiwawa kwenikweni: munthu yemweyo amene anawauza kuti abwerere ku 1969 ndi amene analola mawu awo kutuluka mwa kachitidwe ka 2013. Sungafune mzimu wa chimbale chojambulidwa tsiku limodzi, chokhala ndi mpweya wa chipinda, kenaka nkufinya mpweyawo pomaliza. Chilichonse chimene Iommi ndi Butler anachita bwino chinayenera kupatsidwa malo, ndipo sichinapatsidwe.

Msika sunasamale zonsezi. Chimbale chinatuluka mu Juni 2013 nkukhala nambala 1 ku Britain, koyamba chichokereni Paranoid mu 1970, patadutsa zaka pafupifupi 43. Ku America chinakhala nambala 1 pa Billboard 200, chinthu chomwe gululi linali lisanachitepo, chitagulitsidwa makope pafupifupi 155,000 sabata yoyamba. God Is Dead? inapata Grammy ya Best Metal Performance mu 2014. Olemba ndemanga ambiri anachiyamikira, ngakhale ambiri a iwo anatchula dzina la Ward ngati chosowa. Paulendo woimba, amene anamenya ng'oma ndi Tommy Clufetos, ndipo nyimbo zinayi zotsala ku Shangri-La zinatuluka mu 2016 pa CD ya The End yomwe inkagulitsidwa m'malo oimbira. Gululi linatseka ulendo wake wotsanzika ku Birmingham pa 4 Febuluwale 2017, Ward kulibe. Anayi aja anadzaimbanso limodzi pa 5 Julayi 2025 ku Villa Park, ku Aston komwe anachokera, ndipo Ozzy anamwalira pa 22 mwezi womwewo. Choncho 13 ndicho chimbale chawo chomaliza, ndipo palibe china chodzakonza zomwe zinaphonyeka.

Nanga inu muchite chiyani?

Yambani ndi kudzitsimikizira. Tsegulani pulogalamu ya Audacity, ndi yaulere, ikani War Pigs pamzere umodzi ndi God Is Dead? pamzere wina. Ngati War Pigs yanu si ya remaster yokwezedwa kwambiri, mudzaona nsonga ndi zigwa, pomwe zigawo zolemera za inayo zikuoneka ngati mzere wonenepa wometedwa pamwamba. Tsitsani yatsopanoyo mpaka ziwirizo zimveke zofanana kukwera, chifukwa khutu limanamizidwa, chokwera limachiyesa chabwino. Mukatero mverani snare yokha. Pa Spotify siyani normalization ili yoyatsa, imatsitsa nyimbo zaphokoso kufika pafupi ndi -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), koma dziwani kuti kutsitsa sikubweza nsonga zomwe zinadulidwa. Mverani pa masipika osati mahedifoni, motsitsa pang'ono, ndipo gawani chimbalecho pawiri. Yambirani pa Age of Reason, Damaged Soul ndi Dear Father, ndiko kuli nyama.

Ku kasitudiyo kanu, limiter ya pa master isamadye kupitirira ma dB awiri kapena atatu pa nsonga, siyani denga pa -1 dB, ndipo musaiyatse nkomwe mpaka mixing itatha. Ngati chorus sikukwera kuposa vesi limiter ili yozimitsa, vuto lili m'kapekedwe ndi kaimbidwe, bwererani kumeneko. Woimba ng'oma wanu akakhala wogwedera mwachibadwa, musamuwongole kumenya kulikonse pa grid, jambulani gitala ndi besi pamodzi naye m'chipinda chimodzi kuti azitsatana.