Bwanji amuna anga amaikira kumbuyo lamba wa bambo awo?

Mayi wina wokhala ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti amuna awo ali ndi zipsera kumsana zomwe anawasiyira bambo awo ndi lamba, koma mwana akalakwa pang'ono amati, "Ine ndinakula ndi chikwapu, nchifukwa chake lero ndine munthu." Funso lawo ndi lakuti munthu angayamikire bwanji chinthu chomwe chinamuvulaza chotero.

Mayi, mwana wa zaka 6 sangakwanitse kuganiza kuti bambo ake ndi oipa. Nsima, pogona ndi fizi zonse zimachokera kwa iwowo. Ndiye mtima wake umasankha chopepukirako: wolakwa ndine, ndimayenera kumenyedwa. Amakula nazo zimenezo. Akafika zaka 40, kuvomereza kuti zija zinapyola muyezo kumakhala ngati kuzenga mlandu kholo lomwe linagulitsa mbuzi kuti iye apite ku sekondale, mwinanso kholo lomwe linatisiya kale. Ndani angafune? Kutchalitchi amamupatsanso Miyambo 13:24, vesi yonena za kulanga mwana ndi ndodo, ndipo akakhala ndi anzake amasekerera za momwe ankawatumira kukathyola okha kamtengo kowakwapulira. Nkhani ikasanduka nthabwala, ululu wake sufunsidwanso.

Koma onani amene amalankhula kuti "ndinakula bwino". Ndi amene zinawayendera. Mnzake uja anathawa pakhomo ali sitandade 7, kapena amene mpaka lero amanjenjemera bwana akakweza mawu, sitimuwerengera. Ndipo amuna anuwo kodi anawaumba ndi lamba, kapena ndi mayi awo omwe ankadzuka m'mamawa kukazinga mandasi?

Mu 2016, akatswiri ofufuza Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasanthula kafukufuku wokhudza ana oposa 160,000. Anapeza kuti kumenya kumayendera limodzi ndi ukali komanso mavuto a m'maganizo, osati khalidwe labwino lomwe makolo amafuna. Dziwaninso kuti komwe muliko ku South Africa, Khothi la Malamulo Aakulu linagamula mu 2019 kuti kholo silingadzitchinjirize ponena kuti limangolanga mwana. Dziko la Sweden linaletsa kumenya ana kalekale, mu 1979.

Musayambe ndi kunyoza apongozi anu, mudzangowaumitsa mtima amuna anuwo. Ana akagona, afunseni modekha kuti tsiku la zipsera zija anali atalakwa chiyani, ndipo atamenyedwa anathawira kwa ndani. Akakhala chete, musawafulumize kuyankha.