Yankho kwa amayi a ku Nchalo: kathumba ka mwana katupa

Amayi, mwati mwana wanu wa miyezi 8 watupa thumba la machende mbali imodzi, salira mukamukhudza, ndipo agogo ake akuti ndi phudzi lomwe limagwira akuluakulu kuno ku chigwa. Mtima m'malo.

Mwana wamwamuna ali m'mimba, machende amatsika kuchokera m'mimba mwake kudzera kanjira kamene kamayenera kutsekeka. Kakapanda kutsekeka, madzi amatsetserekera m'thumbamo. Nchifukwa chake ana ena madzulo amaoneka otupa kwambiri atasewera tsiku lonse, m'mawa n'kuphwerako. Kuchipatala amawalitsa tochi pathumbapo. Ngati muli madzi okha, kuwala kumadutsa, thumba n'kufiira. Ana ambiri zimatha zokha asanakwane zaka 2. Zikapitirira, pamachitika opaleshoni yaing'ono yotseka kanjirako. Yambirani ku chipatala cha boma cha Chikwawa, akhoza kukutumizani ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre.

Phudzi la akuluakulu a ku Chikwawa ndi Nsanje kawirikawiri linkachokera ku tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo mu 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa matendawo. Sizikukhudzana ndi khanda lanu.

Chonde musalole aliyense kutema mphini kapena kuboola kuti madzi atuluke. Amabwereranso, ndipo bala likhoza kuola.

Koma thumba likalimba, kufiira, mwana n'kumalira osatonthola kapena kusanza, mwina matumbo alowa m'kanjirako n'kupanikizika. Pamenepo musadikire kuti kuche, pezani njinga yamoto muthamange naye usiku womwewo.